Ulusi wa a Kangaude Wowoloka Mtsinje

Padangotero, kale nyama zikadakhala pansi pa bwalo limodzi, panali a Kangaude mmisiri, a Ng'ona eni dooko, a Kambuku nduna ya chitetezo, ndi mayi Gwape.

A Kangaude adaluka ulusi wowoloka mtsinje, ndipo nyama zinkatumizirana mauthenga pa ulusiwo. A Ng'ona adalamula kuti ulusi uliwonse wodutsa pamadzi awo uzilipira msonkho wa ntchentche. A Kangaude adavomera. Msonkho utakwera chaka chotsatira, adapita kukadandaula kwa a Kambuku.

"Msonkhowo ndiuthetsa, achimwene," adatero a Kambuku. "Inu mungondilola ndiziika khutu pa ulusi umodzi. N'zachitetezo chabe."

A Kangaude ankawadziwa bwino mano a ndunayo, koma adaopa kutaya ntchito ya manja awo, navomera.

Patapita masiku atatu, mayi Gwape adatumiza uthenga kwa mwana wawo kutsidya: "Ubisale m'bango pafupi ndi mkuyu, ndikubwera." A Kambuku adamva, nafika msanga kuposa mayiwo.

Pabwalo a Kangaude adati, "Ine sindinadye mwana wa aliyense. Ndinangomvera akuluakulu."

"Ife tinkati ulusi uja ndi wathu tonse, bambo," adatero mayi Gwape. "Inu munapulumutsa ulusi, mwana wanga n'kupita."

Bwalo lidagamula kuti ulusi wonse udulidwe, ndipo a Kangaude aziluka m'ngodya za nyumba basi. A Kambuku sadabwere n'komwe kumlanduko. A Kangaude okha ndiwo adavomera chigamulocho ali chiweramire, ndipo ulusi woyamba adaudula okha.