Foda Yakale

"Zapita, alamu. Ndazifufuta ndi manja angawa," anatero Make Mapasa pafoni.

Ntchito yake inali yolemba buku la malangizo a pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta. Akuluakulu anali atasintha dongosolo la kasungidwe ka mafayilo, ndiye iye ankakonza bukulo kuti ligwirizane ndi dongosolo latsopanolo. Patsamba lina analemba kuti foda yakale ya mawu ojambulidwa ifufutidwe, poti mulibenso kanthu. Pofuna kutsimikiza, anayesera pakompyuta ya malemu mwamuna wake, osakumbukira kuti inali idakali pa dongosolo lakale. Mufoda imeneyo ndi mmene munayenera kukhala mawu a malemuyo akuimbira mapasa awo ali makanda.

Alamu akewo, mng'ono wa malemuyo, anafika ali wefuwefu. Anamupeza akutsegula foda iyi, kutseka iyo, misozi ili chuchuchu.

"Nkhope ya bambo awo anawa amaiona pachithunzi. Nanga mawu? Ndidzawauza chiyani ine?"

Alamuwo anakoka mpando n'kuyamba kudina apa ndi apo. Anatsegula foda ina yolembedwa kuti "zina ndi zina," yodzaza zithunzi za matayala a galimoto. Pakati pa zithunzizo anaona mafayilo a mawu, n'kudina imodzi. Posakhalitsa m'chipindamo munamveka mawu a besi a malemuyo, akuphonya nyimbo monga ankachitira mwini wake.

Make Mapasa anagwira pakamwa. "Zapezeka bwanji kumeneko? Buku lija limanena momveka bwino malo ozisunga."

Alamuwo anakanda m'mutu, maso ali pansi.

"Pepani, alamu. Achimwene ankangokuyamikirani kuti mumalemba bwino. Bukulo sanalitsegulepo."