Bambo Amene Ankaopa Pampu Yachete

Panali munthu wina kuno ku Perth, dzina lake Dunstan Msaiwale. Amene akufotokoza nkhaniyi amapemphera nawo tchalitchi chimodzi, ndipo akuti ndi yoona.

A Dunstan ankagwira ntchito pa fakitale ina ku Kwinana, kuyang'anira pampu yokankha madzi oziziritsa makina. Pampu mukuidziwa: imamwa tsiku lonse osakhuta, imalavula tsiku lonse osauma kukhosi. Viza yawo inali yomangirira pa ntchito imeneyo. Mkazi wawo Felesta ndi mwana wawo Tisungeni anali ku Lilongwe, kudikira kuti mapepala atheke nawonso abwere.

Asanabwere kuno, bambowa anagwira zaka zambiri pamalo opopera madzi kwathu. Kumeneko pampu ikakhala chete ndiye kuti magetsi azima, ndipo posachedwa amayi andanda pageti ndi zidebe zopanda kanthu. Ikamalira, anthu amwa. Khutu lawo linaloweza zimenezo.

Pampu ya ku Kwinana inali yaikulu kuposa ntchito yake. Inkathamanga ndi mphamvu zonse, madzi n'kumachuluka, ndiye ankatseka theka vavu, chotsekera madzi cha papaipi, kuti awabweze. Magetsi ankangopsa pachabe. Mabwana anati: "Gawo ili likutidyera magetsi. Tiyesa kulikonza kwa miyezi ingapo. Zikakanika titseka."

Wodzakonza anachokera ku yunivesite. Anali Atusaye, mtsikana wa ku Karonga wophunzira uinjiniya, yemwenso amaimba kwaya kutchalitchi kwa a Dunstan. Anamangirira kabokosi pakhoma pafupi ndi pampu.

"Ankolo, panopa zili ngati mukuponda mafuta mpaka pansi, uku mwapondanso buleki. Kabokosi aka kachepetsa liwiro la pampu. Inu mutsegule vavu yonse. Madzi akwana, magetsi atsika."

"Nanga ikafooka?"

"Siifooka, ingosiya kukuwa. Chonde musakakhudze."

"Atu, iwe umabadwa ine ndikupopa kale madzi."

"N'chifukwa chake makutu anatha, ankolo. Ngakhale kwaya yathu mumati sitikumveka."

Anaseka onse, Atusaye n'kumapita.

Pampu ija inayamba kung'ung'udza pansipansi ngati njuchi yosochera. Geji inkaonetsa kuti madzi akukwana bwinobwino. Koma a Dunstan mtima unali m'mwamba. Pampuyo ankaisanjika dzanja ngati mwana wodwala. Akatsinzina pang'ono ankaona zidebe zija pageti, zitayasama kukamwa.

Tsiku lina analephera kupirira. Anatembenuza kabatani ka pa kabokosi kaja, pampu inabwerera pa liwiro lonse. Anatsekanso vavu theka. Chinyumba chonse chinanjenjemera, iwo mtima n'kukhala pansi. Kuyambira pamenepo ankachita zimenezo tsiku lililonse. Likafika tsiku loti Atusaye abwera, ankabwezeretsa zonse m'malo mwake.

Lamulungu lina mapemphero atatha, mtsikanayo anawatsatira panja.

"Ankolo, mita ya magetsi ikukana kutsika. Palibe amene akukhudza kabokosi kaja?"

"Angakhudze ndani? Mwina kakudikira kuti uyambe walandira digiri."

Atusaye sanaseke. "Ikapanda kutsika atseka, mukudziwa eti?"

"Azungu amangoopseza. Fakitale ingayende popanda madzi?"

Miyezi inatha. Tsiku lina Atusaye anafika osanena. Asanatseke n'komwe chitseko cha galimoto, anaimva pampu ikubangula. Analowa, n'kupeza vavu ili theka, a Dunstan atakhala pambali akumwa tiyi mwamtendere.

"Ankolo, mwadzichita chiyani?"

Bambo aja anaika kapu pansi. "Ndimaopa kuti madzi atha, mwanawe."

"Madzi ake ati? Chibwerereni kuno, anathapo liti?"



Atusaye anathamangira kwa mabwana kukapempha kuti ayesenso. Anamuuza kuti wachedwa. Iwo anaona mita, mita inati zakanika, ndipo ntchito ya gawolo anali ataisamutsira kale kufakitale ina.

A Dunstan anapatsidwa nthawi yochepa yoti apeze kampani ina yowasainira viza. Anayenda Kwinana yense. Anafika mpaka ku Canning Vale, komwe anawauza kuti ntchito yonyamula makatoni a masamba ilipo, koma ya viza ayi. Anzawo a kutchalitchi anafunsafunsa m'malo awo antchito, osaphula kanthu.

Tsiku lina a Dunstan ali m'basi, Felesta anaimba foni.

"Bambo a Tisu, majuzi ndagula kale, paja munati kumeneko kumazizira mu Julaye. Mwanayu wauza kalasi yonse kuti akukwera ndege. Tinyamuka liti?"



"Musagulenso china, amayi a Tisu. Wokwera ndege ndine."

Pa tsiku lawo lomaliza pafakitale, bwana anawapempha kuti azimitse pampu ija okha, poti ndi amene ankaidziwa. Anadina batani. Inalira, inang'ung'udza, kenako zii. Anaisanjika dzanja mpaka chitsulo chinazizira. Pageti panalibe chidebe ngakhale chimodzi. Panali iwo okha ndi chikwama chawo.

Phunziro: Chimene chinakupulumutsa kwanu chikhoza kukupweteka kwa eni. Kukuwa kwa makina si umboni woti ntchito ikuyenda, ndipo wokulangiza akakhala wamng'ono sindiye kuti akunama. Ukaona kuti mantha akukulamula, nena poyera anzako akuthandize, usakonze mobisa. Tumizirani abale onse ogwira ntchito m'mafakitale, makamaka amene mabanja awo akudikira mapepala. Wina awerenge lero asanatembenuze kabatani.