Galimoto Imene Inakana Kuzima pa Phiri la Zlatibor

Panali munthu wina wophika buledi ku Užice, dzina lake Radisav. Nkhani yake ndi yoona, ndipo ndikuipereka monga ndinailandirira. Anali ndi mkazi, Milojka, ana awiri aang'ono, ndi galimoto yakale ya dizilo imene ankaidalira kuposa malangizo a anthu.

Galimotoyo inayamba kufuka utsi, oyilo n'kumatha msanga. Milojka anaumirira kuti apite nayo kwa Dobrivoje, makanika, amenenso anali kum wawo, munthu amene anaimira umboni pa ukwati wawo ndi kunyamula ana awo pa ubatizo. Kwathu kuno mawu a kum satsutsidwa.

Dobrivoje analiza injini, nayang'ana utsiwo, naununkhiza.

"Ukanakhala woyera, wa fungo lotsekemera, ndikanati injini ikumwa madzi," anatero. "Ukanakhala wakuda, ndikanati dizilo sakupsa bwino. Uwu ndi wabuluu. Madzi ali pomwe anali, watsika ndi oyilo. Pamene mumaimika galimoto pamadontha?"

"Ndi pouma ngati kukhosi kwanga," anayankha Radisav. "Mulibe kachasu wa mapulamu pafupi, a kum?"

Dobrivoje sanaseke. Anazula paipi yochokera ku tabo, chipangizo chimene chimakankhira mpweya mu injini, napisamo chala. Chalacho chinatuluka chili bii ndi oyilo.

"Nayu oyilo wanu. Akudutsa muno kulowa mu injini. Tsiku lina injini idzayamba kuyendera oyilo yemweyu m'malo mwa dizilo, ndipo kiyi sadzaizimitsa. Isiyeni pano ndiikonze."

"Loweruka kuli phwando lokumbukira woyera mtima woyang'anira banja kwa apongozi anga. Ndikafike pa basi ngati mwana wa sukulu?"

Radisav anatuluka kukasuta fodya. Milojka anatsala, nafunsa kuti, "A kum, nanga zitachitikira pamsewu, munthu achite chiyani?" Dobrivoje anamufotokozera, iye n'kumvetsera bwinobwino.

Tsiku lotsatira, pothira mafuta, Radisav anakumana ndi munthu wosamudziwa amene ankagulitsa timabotolo kumbuyo kwa galimoto yake.

"Achimwene, galimoto ya dizilo yosafuka utsi ndi yakufa," anatero munthuyo. "Amakanika amangokonda kumasula zinthu. Thiranimo mankhwala awa, ndipo oyilo mudzaze kupitirira pa mzere kuti asathe msanga."

Radisav anagula, nathira, nadzaza. Kunyumba anauza mkazi wake kuti, "Ndapeza dokotala weniweni. Kum wathu wakalamba."

"Dokotala wanuyo dzina lake ndani?"

"Sindinamufunse."

"Ndiye mukamufuna mudzamuitana kuti chiyani? Kuti amalume?"

Loweruka ananyamuka, ana ali kumbuyo, Milojka atanyamula keke pamiyendo. Ali pakati pokwera phiri la Zlatibor, injini inayamba kulira mokuwa. Radisav anachotsa phazi pa moto, koma kulirako kunangokula. Anaima pambali, nachotsa giya, nazula kiyi. Injini sinazime. Utsi unaphimba msewu wonse, moti magalimoto a m'mbuyo sankaonanso kutsogolo.

"Tulukani, iphulika!" anakuwa Radisav. Anatsegula chitseko, n'kuliyatsa liwiro, kiyi ali m'manja.

Zitseko za kumbuyo zinali zokhoma, zosatseguka ndi mkati. Ana anali kulira ndi kutsokomola. Injini ikanangosweka, oyilo wotentha ndi moto zikanawapeza momwemo.

Milojka anaika keke pansi, nalumphira pa mpando wa dalaivala. Anachita monga momwe kum anamuuzira. Anakoka buleki ya pamanja, naponda ya phazi ndi mphamvu zake zonse. Anaponda kilatchi, nalowetsa giya yomaliza, n'kusiya kilatchiyo kamodzin'kamodzi. Galimoto inagwedezeka ngati yagundidwa. Kenako kunangoti zii.

Anatulutsa ana, nawapukuta kumaso. Utsi utapita, anthu amene anaima m'mbuyo anayamba kuwomba m'manja. Dalaivala wina wa lole anabwera atavula chipewa.

"Mayi, ndakalambira pamsewu, koma amuna ambiri zikatere amangothawa. Bambo a kunyumba ali kuti?"

"Ndi awo ali kuseri kwa mtengo," anatero Milojka. "Akusunga kiyi."

Lole yomweyo inawakokera mpaka kwa apongozi. Nkhani inali itafika kale. Bambo ake a Milojka anaimirira pamaso pa alendo onse, nakweza tambula, nati, "Ndinkadandaula kuti Mulungu sanandipatse mwana wamwamuna. Lero ndalapa." Radisav anadya nyama yake maso ali m'mbale.

Patapita masiku, Radisav anapita ndi Milojka kwa kum, kumene anali atakasiya galimoto, atanyamula botolo la mphatso, napepesa monga mwambo ufunira. Dobrivoje anali atasintha tabo ndi kutsuka mapaipi onse.

"Injini yapulumuka," anatero. "Ikanapitiriza kulira pang'ono pokha, bwenzi tikugulitsa zitsulo."

Radisav anatambasula dzanja kuti alandire kiyi. Dobrivoje analidutsa dzanjalo, napereka kiyi kwa Milojka.

"Ine ndimapereka kwa amene amamva."

Mpaka lero amene amayendetsa galimoto ija ndi Milojka. Radisav amakhala mpando wa pambali, ndipo za injini amalankhula pokhapokha akafunsidwa.

Phunziro: Utsi wa galimoto umalankhula, ndipo oyilo kapena madzi akamatha osadontha pansi ndiye kuti akulowa kumene sayenera. Wakutsina khutu ndi mnansi. Musasiye mawu a munthu wokudziwani n'kutsata a munthu amene ngakhale dzina lake simulidziwa. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene amanyamula ana m'galimoto, makamaka amuna ouma mitu.