Mabolopeni a Bambo Vitalis

"Iyinso siilemba, atate!" analira Purity, akukanda bolopeni pachikhatho.

Mayeso a Giredi 9 anali kuyamba m'mawa womwewo ku Chongwe, ndipo minibasi inali kuliza hutala panja. Bambo Vitalis anakhuthulira pamphasa sutikesi yonse ya mabolopeni amene akhala akugula ku Lusaka kwa zaka zambiri, osalola aliyense kuwakhudza. Anayesa yagolide, anayesa yofiira, thukuta lili kamukamu. Onse anali atauma inki.

"Mwana aphonya mayeso, chuma chanu chili pompa!" anakuwa mkazi wawo, Maureen.

Kondakita anasuzumira pakhomo, nachotsa kukhutu kabolopeni kotafunidwa. "Tenga aka, tiye."

Bambo Vitalis anakayang'anitsitsa, nameza malovu.

"Ba kondakita, mtundu uwu nilibe. Simunganigulitse?"