Kansomba ka Labala

Chinsomba cha bass chinameza nyambo ya labala Alfonsi akuona, koma atakoka chingwe, kansomba ka labala kaja kanatuluka m'damu kokha, kali bwinobwino.

Anakatembenuzatembenuza m'manja. Zonse anachita monga anamulangizira dalaivala wa lole amene anamupatsa kanthuka pa Mwami: "Nsonga ya mbedza muziibisa pamsana pake kuti isakole udzu, achimwene. Muzigwedeza kawiri n'kuima, kazioneka ngati kakufa."

Nanga mbedza yobisika ingakole bwanji nsomba? Kunyumba ku Kapata apongozi anali atafika kale, ndiwo kulibe.

Anakanunkhiza, anangomva fungo la tayala. Kapena nsomba ija inalavula chifukwa kamawawa? Anayang'ana uku ndi uku, n'kukaluma pamsana mwamphamvu.

Mbedza inatuluka, n'kumukola mlomo.