Katswiri Akana Njira ya Njinga

"Njinga ndimaidziwa kuposa aliyense muno," anatero bambo Clive Hargreaves, akumenya tebulo pamsonkhano wa khonsolo. Mamendulo atatu agolide amene anapata kalekale pa mipikisano ya njinga ya m'bwalo anali atatsamira pamimba yofufuma ngati buledi. "Njira ya njinga imeneyi isadutse pakhomo panga. Galimoto zanga ndiziimika pati?"

Mayi Doreen Platt anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mayiwa anali atapalasa njinga zaka makumi atatu kupita kuchipatala kumene ankakolopa, ndipo mwezi wathawo basi inawagwetsera m'ngalande pamsewu womwewo. Mkono unali udakali m'chikhakha.

"Pepani akatswiri, mvula inayamba yakunyowetsanipo muli panjinga?"

"Bwalo lathu la ku Manchester ndi lofolera, mayi."

"Nanga basi inakupanikizanipo?"

"Ine ndinkapalasira dziko lino."

"Munkangozungulira malo amodzi ngati galu wofuna kugona. Zaka zonsezo njinga sinakufikitseni ngakhale pagolosale."

Anthu anafa nalo phwete. Bambo Hargreaves anatuluka mamendulo akulira ngati mabelu a ng'ombe, ndipo makhansala anavomereza njirayo.

Tsiku lotsegulira, mayi Platt anafika panjinga yawo yakale, n'kuima kutsogolo. Meya atachotsa nsalu pachikwangwani, mayiwo anawerenga kawiri dzina la njirayo: Clive Hargreaves.

"Tinafufuza ndithu," anatero meya, "koma tauni ino ilibe wapanjinga wina woti n'kumulemekeza."