Spectare M'chigafa

"Ababa, mwasakanizanso," Faustina anauza bambo ake, akusolola tsamba lamawanga pamulu wa fodya wabwino. Belo losakaniza amalibweza ku okushoni, ndipo lole inali kubwera mawa lake.

A Kalekeni anapukuta magalasi. "Ku seminale tinkati spectare. M'Chilatini ndi kuyang'ana, kuonerera, komanso kuyesa chinthu ngati n'chenicheni."

"Ndiye Chilatinicho chisankhe fodyayu. Zaka makumi atatu munkakhala pompano amayi akusankha. Munkachita spectare uti?"

A Kalekeni anatembenuza tsamba lija, n'kulitembenuzanso. Silinawauze kanthu. Kampando ka malemu akazi awo kanali pamalo pake, pafupi ndi khomo la chigafa.

"Woyambayo," anayankha. "Koma sindinkayang'ana fodya."